Kumene Inachokera Aleluya ya Handel

Wokondedwa mphwanga,

Kalata yako ndinailandira, ndipo mtima wanga unakondwera pomva kuti nonse muli amoyo kumudziko, ndiponso kuti kwaya ya pampingo panu yayamba kuphunzira Aleluya ya Handel pokonzekera Pasaka. Wandifunsa kuti Handel ameneyu anali mbusa wa mpingo uti, popeza anzako ena akuti anali wansembe, ena akuti mlaliki. Tsono tchera khutu, pakuti munthuyo sanakwerepo pagome kulalikira ngakhale tsiku limodzi. Anali mwini masewero oimba, munthu wodziwa kuwerengera ndalama za pakhomo, wokonda kudya, wa mtima wapachala, ndipo nyimbo imene mukuvutika nayoyo inabadwa pamene malonda ake a masewero anali atalowa pansi.

Georg Friedrich Händel, amene Angerezi amamulemba George Frideric Handel, anabadwa pa 23 Febuluwale 1685 mumzinda wa Halle ku Germany, chaka chomwecho chimene anabadwa Johann Sebastian Bach, ngakhale kuti awiriwo sanaonanepo maso ndi maso moyo wawo wonse. Atate ake, nkhalamba ya zaka zoposa 60 pamene mwanayo ankabadwa, anali sing'anga wometa anthu ndi kutumbula zotupa kubwalo la mfumu ya ku Weissenfels, ndipo anafunitsitsa kuti mwana wawo aphunzire zamalamulo. Koma mfumuyo itamumva mnyamatayo akuliza limba m'nyumba yopemphereramo, inawadandaulira atatewo kuti asakwirire mphatso yotere, ndipo anamupereka m'manja mwa Friedrich Zachow, woliza limba wa tchalitchi chachikulu cha pamsika wa Halle. Mu 1702 analembetsa kuyunivesite ya kwawo, koma chaka chotsatira anasiya zonse nanka ku Hamburg kukaliza vayolini m'nyumba ya masewero.

Ku Hamburg komweko imfa inamuphonya pang'ono. Mu Disembala 1704 anakangana ndi bwenzi lake Johann Mattheson polimbirana mpando wa woliza limba la zingwe lotsogolera sewero, ndipo atatuluka panja anasololerana malupanga. Lupanga la Mattheson, limene likanalowa pachifuwa, linathyokera pa batani lachitsulo la jasi la Handel. Posakhalitsa anayanjananso nakadyera pamodzi.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mu 1706 Handel anatsikira ku Italy, kwawo kwa opera, ndiko kunena sewero limene anthu ake, atavala zovala za mafumu ndi ngwazi zakale, salankhula koma kuimba kuyambira pachiyambi kufikira pamapeto. Ku Rome anapeza opera italetsedwa ndi Papa, ndipo oimba a kumeneko, posafuna kugona ndi njala, ankaimba nkhani za m'Buku Lopatulika m'nyumba za akuluakulu popanda kuchita sewero. Mtundu umenewu ndiwo oratorio, ndipo uusunge m'mutu pakuti tiupezanso kutsogoloku. Mu 1710 analembedwa ntchito yoyang'anira nyimbo kubwalo la George, mfumu ya ku Hanover, koma mtima wake unali ku London, kumene opera yake yotchedwa Rinaldo inagwedeza mzinda mu 1711, mpaka anaulutsa mbalame zamoyo m'bwalo la sewero kuti munda wa m'nkhanimo uoneke weniweni. Anapempha chilolezo chopitanso ku London mu 1712, nalonjeza kubwerera msanga, koma sanabwerere. Ndipo taona, mu 1714 Mfumukazi Anne inamwalira, ufumu wa Britain nugwera George yemweyo wa ku Hanover, kotero kuti bwana amene anamuthawa anamutsata kutsidya la nyanja! Mlandu sunakule, pakuti pa 17 Julayi 1717 tikumupeza Handel ali ndi oimba ngati 50 m'bwato pa mtsinje wa Thames akuyimbira mfumuyo Water Music, imene inaikonda kotero kuti inalamula kuti aibwereze katatu usiku womwewo. Mu 1727 anasanduka nzika ya Britain, napeka Zadok the Priest ya pa mwambo wolonga ufumu George II, ndipo nyimboyo yaimbidwa pa kulonga mfumu iliyonse ya kumeneko kufikira Charles III mu 2023.

Pali chinthu china cha zaka zimenezo chimene iwe, monga mwana wa mu Africa, uyenera kuchidziwa. Mmodzi wa akuluakulu amene anamusunga Handel, Duke wa ku Chandos, anaika chuma chambiri mu Royal African Company, kampani yogula ndi kugulitsa akapolo a kumadzulo kwa Africa, ndipo dzina la Handel mwini likupezeka m'mabuku a kampaniyo a chaka cha 1720. Chuma chimene chinkalipira oimba a ku London masiku amenewo sichinali choyera chonse.

Kwa zaka 30 Handel anakangalika ndi opera ya Chitaliyana, napeka pafupifupi 40, koma malondawo anali odya ndalama ngati moto wa m'tchire mwezi wa Okutobala. Oimba otchuka ankachokera ku Italy pa mtengo woopsa, ndipo anali odzikuza. Amati tsiku lina mayi Francesca Cuzzoni atakana kuimba nyimbo imene anawapekera, Handel anawagwira m'chiuno nawopseza kuwaponya pazenera. Kampani yoyamba ya opera imene ankagwiramo ntchito inagwa mu 1728. Mu 1733 mabwana ena anakhazikitsa kampani yawo yopikisana naye, ndipo makampani awiriwo anagwetsana mpaka onse anatsala manja ali m'khosi. Mvula ikakuona litsiro sikata: mu Epulo 1737 dzanja lake lamanja linafa, ndipo anthu anayesa kuti zake zatha, koma atakasamba m'madzi otentha a ku Aachen anabwerako akulizanso limba monga kale. Angerezi ndiwo anali atatopa kulipira ndalama zambiri kuti amve nyimbo m'chinenero chimene sankachimva, ndipo opera yake yotsiriza, Deidamia, inachitika katatu kokha mu 1741.

Akuluakulu anati nyimbo imodzi sachezera gule. Kale mu 1732, pamene anafuna kuonetsa nkhani ya Estere ngati sewero, bishopu wa ku London anakaniza kuti anyamata a kwaya yachifumu achite sewero la m'Malemba, ndipo Handel anangowaimika oimba pabwalo ndi mapepala m'manja, opanda zovala za sewero, akuimba m'Chingerezi. Anthu anadza ambiri, ndalama zowonongedwa pokonza zinachepa, ndipo kwaya, imene mu opera inalibe malo enieni, inapeza ntchito yaikulu. Chiletso cha bishopu chinamutsegulira njira ya oratorio imene anayendamo kufikira imfa yake.

Mawu a Messiah, oratorio imene muli Aleluya yanuyo, anawasonkhanitsa Charles Jennens, mwini minda wolemera ndi wokonda Malemba, amene sanapeke chiganizo chake ngakhale chimodzi, koma anatola mavesi mwa Yesaya, Masalmo, Yobu, Luka, makalata a Paulo ndi Chivumbulutso, nawalumikiza m'zigawo zitatu: lonjezo ndi kubadwa kwa Mpulumutsi, masautso ndi chigonjetso chake, ndi kuuka kwa akufa. Handel anayamba kulemba m'nyumba yake ya pa Brook Street pa 22 Ogasiti 1741, natsiriza pa 14 Seputembala, masiku 24, masamba 259 odzala ndi madontho a inki ndi mizere yofufuta. Alaliki amakonda kunena kuti liwiro limeneli linali chozizwitsa, koma ine ndikuti linali liwiro lake la masiku onse, pakuti atangopuma pang'ono anayamba oratorio ya Samson naithamangitsa chimodzimodzi. Ndiponso sanachite manyazi kutapa m'nkhokwe yake yomwe: kwaya yokondwa ija ya kubadwa kwa Mwana, yochokera pa Yesaya 9, anaitenga ku nyimbo ya Chitaliyana ya mawu awiri imene anaipeka mwezi wa Julayi chaka chomwecho, ndipo nyimboyo inali yodandaula za chinyengo cha chikondi. Jennens mwini sanakhutire, nadandaula kwa anzake kuti Handel anafulumira kwambiri ndipo sanawachitire ulemu wokwanira mawu opatulikawo.

Anakaiimba koyamba ku Dublin, ku Ireland, pa 13 Epulo 1742, m'holo ya nyimbo ya pa Fishamble Street. Pofuna kuti anthu achuluke, okonza mwambo analengeza m'nyuzipepala kupempha amayi kuti asavale mikombero imene masiku amenewo ankatukumulira madiresi awo, ndi abambo kuti asiye malupanga kunyumba. Motero holo ya anthu 600 inalandira 700. Kwaya inali ya abambo 16 ndi anyamata 16 ochokera m'matchalitchi awiri aakulu a mumzindawo, Christ Church ndi St Patrick's, pamodzi ndi oimba paokha owerengeka. Ndalama zinakwana pafupifupi mapaundi 400, nazigawa patatu, ku zipatala ziwiri ndi kwa omangidwa chifukwa cha ngongole, ndipo anthu 142 anatuluka m'ndende. Pakati pa oimba panali Susannah Cibber, mkazi wa masewero amene dzina lake linali litaipa ku London chifukwa cha mlandu wa banja umene unafika kubwalo la milandu. Mawu ake sanali aakulu, koma Handel anamupatsa nyimbo yaitali kuposa zonse, ya pa Yesaya 53, ya Munthu wonyozedwa ndi wokanidwa, ndipo amati mbusa wina, Patrick Delany, atamva mayiyo akuimba, anaimirira nafuula kuti machimo ake onse akhululukidwe chifukwa cha kuimba kumeneko.

London sinailandire ndi manja awiri. Itaimbidwa ku Covent Garden pa 23 Malichi 1743, opembedza ena anakwiya kuti dzina la Mesiya likutchulidwa m'nyumba ya masewero ndi pakamwa pa anthu a masewero, kotero kuti pa zolengeza sanalembe dzina lake, anangoti oratorio yopatulika yatsopano. Nkhani ija yoti Mfumu George II inaimirira pa Aleluya, anthu onse naimirira nayo, ilibe umboni wa munthu amene analipo, ngakhale mwambo woimirira unakhazikika ndithu Handel akali moyo. Chimene chinaikweza Messiah ndi ana otayidwa. Kuyambira 1750 Handel ankaiimbitsa chaka ndi chaka m'tchalitchi cha Foundling Hospital, nyumba imene Thomas Coram, mkulu wa zombo wopuma ntchito, anaikhazikitsa mu 1739 atatopa kuona makanda atasiyidwa m'misewu ya London; ndalama zonse zinkapita kwa anawo, ndipo amene ankaikana m'nyumba ya masewero anadza kudzaimva m'nyumba ya Mulungu mpaka malo kusowa.

Pa 13 Febuluwale 1751, ali pakati polemba oratorio ya Jephtha, analemba m'munsi mwa tsamba m'Chijeremani kuti walekezera pomwepo chifukwa diso lake lamanzere lafooka. Pasanathe zaka ziwiri anali wakhungu, komabe ankamutsogolera kulimba naliza za pamtima. Anamva Messiah kotsiriza pa 6 Epulo 1759, namwalira pa 14 Epulo, Loweruka la pakati pa Lachisanu Loyera ndi Pasaka, ndipo anthu ngati 3,000 anaperekeza maliro ake ku Westminster Abbey. Sanakwatire, ndipo m'chuma chake anakumbukira antchito ake, amasiye, ndi thumba lothandiza oimba okalamba.

Tsono za Aleluya imene. Udziwe kuti si chiyambi kapena mapeto a Messiah, koma ndiyo yotseka chigawo chachiwiri, ndipo womvera amafika pamenepo atadutsa kale m'kunyozedwa, mikwingwirima, imfa, kuuka, ndi chiwawa cha mafumu a dziko cha pa Salmo 2. Ng'oma zake Handel anazisunga osazigunda kufikira pamenepa, ndipo malipenga anali atamveka kamodzi kokha, pa nyimbo ya angelo kwa abusa. Mawu ake ndi a pa Chivumbulutso 19 ndi 11. Taona mmene anaiyalira: poyamba mawu anayi onse afuula pamodzi, kenaka onse aimba mzere umodzi wopanda zokometsera, wolengeza ufumu wa Wamphamvuyonse, pakati atsika pansi mofatsa ponena za ufumu wa dziko lapansi, nakwera mwadzidzidzi, pamenepo a besi ayambitsa mzere umene a tena, a alto ndi a sopulano aulandizana, ndipo potsiriza a sopulano agwira liwu limodzi lalitali, nakwera khwerero limodzi, nagwiranso, nakweranso, ena onse akuwayankha pansi. Makwaya ambiri amalakwa poyamba ndi mphamvu zawo zonse, kotero kuti pofika pa makwerero amenewo a sopulano atha mpweya ndipo akungokuwa. Ukawauze aphunzitsi anu mwaulemu kuti kuchepa kwanu kusawadetse nkhawa, pakuti a ku Dublin aja anali 32.

Makamu aakulu anadza Handel atafa. Mu 1784 oimba oposa 500 anasonkhana ku Westminster Abbey kumukumbukira, ndipo mu 1857 ku Crystal Palace kwaya yokha inali ya anthu 2,000. Kuti anthu wamba a m'migodi ndi m'mafakitale aziimba nawo, panathandiza njira ija ya do, re, mi, imene anaiyamba mayi Sarah Glover wa ku Norwich, naifalitsa mbusa John Curwen kuyambira zaka za m'ma 1840, pakuti wosindikiza aliyense wokhala ndi zilembo wamba ankatha kuisindikiza motsika mtengo, ndipo mwana wodziwa a, e, i ankatha kuiwerenga. Amishoni anainyamula njira imeneyi kunka nayo kusukulu zawo, ku Lovedale ku South Africa ndi kwina konse kufikira kwathu kuno, ndipo ndi chifukwa chake pepala limene akupatsalo lili ndi zilembo ndi timadontho m'malo mwa mizere isanu imene Handel ankalembapo.

Undiperekere moni kwa amayi, kwa alamu ndi ana onse, ndipo undilembere tsiku limene mudzaimbe kuti ndione ngati ntchito ingandilole kubwera.

Ndine mkulu wako.