Kanjira ka agogo ku Chiradzulu

Abale anga a kunyanja, anyamata a ku Msaka, ku Malembo, ku Makawa, ndi nonse amene mumandipeza ndili ndi sipanala m'manja, lero sindikamba za injini. Nkhani yanga ndi ya kanjira ka mamita 14, kochokera pakhonde kukafika kuchimbudzi. Musaseke aise. Kanjira kameneka kanandidyera ndalama ya miyezi itatu, n'kundiphunzitsa zimene mwana wa msodzi amayenera kuzidziwa kale.

Ambiri mukudziwa kuti bambo anga ndi a konkuno, koma mayi kwawo ndi ku Chiradzulu, kupitirira Namitambo mbali ya ku Milepa, komwe mapiri amathera chigwa n'kuyamba. Agogo anga akuchikazi akadali komweko. Ife kuno tinazolowera mchenga. Mvula ikagwa m'mawa, pofika masana ukuyenda ndi patapata osada n'komwe. Kwa agogo si choncho. Kumtunda kuli katondo wofiira, koma pomwe pali nyumba yawo ndi pamakande, dothi lakuda lija. Likanyowa limananda ngati kondowole, ukaponda nsapato imatsala pomwepo. Dzuwa la Okutobala likafika limachita ming'alu yoti dzanja limalowa lonse.

Mu Januwale 2022, masiku aja a namondwe Ana, agogo anadzuka usiku kupita kuchimbudzi. Anaterereka, anagwera dzanja, dzanjalo n'kuthyoka. Anakhala pamatope mvula ikuwamenya mpaka msuweni wanga wamng'ono atamva kubuula. Kuchipatala anawaika chikhakha ndipo dzanja linapola bwinobwino. Koma mantha anawatsalira. Mayi anandiuza kuti agogo asiya kumwa madzi kapena tiyi dzuwa likangopendeka, kuopa kudzuka usiku. Tangoganizani, munthu wamkulu kumagona ndi ludzu chifukwa cha mamita 14. Zinandiwawa. Ndinati ine ndimadzutsa Yamaha 40 yomwe yamira m'madzi, ndiye ndilephere kanjira?

Ndinasunga ndalama. Mu Okutobala 2022 ndinakwera minibasi, Mangochi, Liwonde, Zomba, mpaka kwa agogo. Ndinagula matumba 5 a simenti, mchenga ndi miyala ya kwale. Ndinapala udzu ndi khasu, ndinakhoma matabwa m'mbali, n'kuthira konkire yochindikala zala zitatu pamwamba pa ming'alu yomwe ija, kuchokera pakhonde mpaka pachitseko cha chimbudzi, chinthu chimodzi chosadukiza. Pamwamba ndinasalaza ndi chipande mpaka kuwala ngati pabalaza pa bwana.

Ndili mkati mothira, panadutsa mkulu wina wa m'mudzimo amene anagwira ntchito yomanga zaka zambiri ku Limbe. Anaima, anayang'ana, kenako anati, "Mdzukulu, pansipa mwaikapo chiyani?" Ine ndinati, "Madala, simenti ndi simenti, pansi pafunikanso chiyani?" Iwo anangoti, "Dothi ili limapuma," n'kumapita. Ine mumtima ndinati nkhalamba za kumtunda nazo. Safunsa anadya phula, abale.

Ndiwerenge zolakwa zanga kuti wina asadzazibwereze. Ndinathira konkire masana dzuwa lili pamutu. Simenti imalimba ndi madzi, imafuna kuthiriridwa ndi kuphimbidwa kwa sabata yathunthu, koma ine ndinathirira tsiku limodzi chifukwa mjigo uli patali, mawa lake n'kubwerera kunyanja komwe mainjini ankandidikira. Sindinadule mizere yoti konkire ikafuna kung'aluka ing'alukire momwemo. Sindinapendeketse, ndinaika levulo kuti pakhale fulati. Ndipo madzi onse a padenga la malata ankagwera pomwe kanjira kakuyambira.

Mwezi usanathe timing'alu tinayamba kuoneka. Mvula itayamba mu Disembala, dothi linafufuma, pakati pa kanjira panatukuka. Kusalala kuja ndinkanyadira kunasanduka msampha, ndere itamera pankaterera kuposa matope. Kenako mu Malichi 2023 kunabwera Freddy. Mukukumbukira kuti ku Chiradzulu komweko mudzi wa Ntauchira unakokoloka ndi matope ochokera m'phiri, anthu anafa, ena sanapezeke. Poyerekeza ndi zimenezo zanga ndi zazing'ono, ife tinangothokoza kuti agogo ali moyo. Khitchini yawo inagwa, nyumba inatsala. Kanjira kanga kanasweka zidutswa zidutswa, china chinaima m'mphepete ngati sitepe. Agogo atapunthwapo kamodzi anabwerera kumayenda pambali, m'matope momwe muja, ndodo m'manja.

Mu Julaye 2023 ndinapitanso. Ulendo uno ndinayambira kwa mkulu uja, nditanyamula usipa wouma wa m'jumbo ndi manyazi anga. Anandikhazika pakhonde, anatapa makande pang'ono, anawanyowetsa n'kuwaumba kampira. Anati, "Ichi ukachisiya padzuwa chichepa n'kung'aluka. Ukachinyowetsanso chifufuma. Pansi pa kanjira kako pamachitika zimenezi chaka chilichonse. Ndiye iwe unagonekapo chinthu chouma gwa, chopyapyala, chachitali, pamsana pa chinthu chopuma. Chimodzi chinayenera kugonja."

Apa m'pamene ndinaona boti. Inu mukudziwa boti lamatabwa likakhala kumtunda milungu ingapo, matabwa amauma n'kuchepa, mpaka kuwala kumaonekera m'mipata. Likabwerera m'madzi matabwa amafufuma, mipata n'kutsekeka. N'chifukwa chake bambo anga m'mipata amalowetsamo thonje kapena ziguduli n'kumata phula, zinthu zoti thabwa likasuntha nazonso zisunthe. Palibe amene amathira simenti pakati pa matabwa a boti. Ndakula ndikuona zimenezi, koma nditafika pa dothi nzeru zonse zinathawa.

Madala anati njira yake ndi iwiri basi: madzi uwapatse kolowera, kanjira ukapatse mpata wosuntha. Tinachita motere.

Tinakhoma zikhomo, tinamanga chingwe, n'kukulitsa kanjira kufika mita imodzi ndi masentimita 20, kuti wina aziyenda pambali pa agogo atawagwira mkono. Tinakumba masentimita 25, kuchotsa dothi lapamwamba lonse ndi mizu yake. Pansi tinasinja ndi chipika cholemera chomwe tinachikhomera zogwirira, ngati musi waukulu.

Kenako tinathira zoswaswa masentimita 15: njerwa zosweka za khitchini ija, miyala, komanso konkire yanga yomwe ndinaiphwanya ndekha ndi hamala. Eetu, matumba 5 aja ali pansi, akugwira ntchito imene sindinawagulire. Sitinathire zonse nthawi imodzi ayi. Theka, kusinja, theka linalo, kusinjanso. Madala ankaponda ndi chidendene, pakalowa ankati bwerezani. Tsiku limenelo manja anatuluka matuza kuposa tsiku lokoka chilimira.

Pamwamba pake tinayala mchenga wa kumtsinje zala ziwiri, n'kusalaza ndi thabwa. M'mbali tinaimika njerwa, kuzikwirira theka n'kuzitsendera kunja ndi miyala ndi dothi kuti za m'kati zisamwazike. Ndiye tinayamba kuyala njerwa zabwino za khitchini, zopitirira 700. Iliyonse madala ankaigogoda ndi chipande. Yolira ngati chitsulo inkalowa, yolira ngati dzungu inkapita ku zoswaswa, chifukwa njerwa yosapsa bwino imasungunuka ndi mvula. Tinaziyala mopingasa ngati minga ya chambo kuti zizigwirana. M'mipata tinasesereramo mchenga wouma, osati simenti.

Levulo ija ulendo uno tinaigwiritsa ntchito mwanzeru. Kanjira kanakwera pang'ono kuposa bwalo, ndipo kanapendekera mbali imodzi masentimita 2 pa mita, moti ndi maso sungaone koma madzi amaona. Mbali ya kumtunda tinakumba ngalande yosaya, patali theka la mita, yokathera ku nthochi. Pomwe madzi a padenga amagwera tinayala miyala n'kuwalozera mungalandemo. M'mphepete mwa ngalande tinadzala vetiva kuti agwire dothi. Panali kabulugamu kakang'ono kamene msuweni anadzala pafupi, madala anati kazulidwe, poti mtengo umenewu umayamwa madzi kwambiri, dothi la mbali imodzi n'kuuma kuposa linzake, kanjira n'kupendama.

Masiku 6, anthu atatu. Ndalama inapita ku ngolo ya mchenga ndi kuthokoza madala basi. Simenti sitinagule ngakhale thumba limodzi. Miyezi inayi pambuyo pake, mu Novembala 2023, kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo inu amene mukumanga mukudziwa komwe mtengo wa simenti unathawira.

Kanjira kaona chilala cha 2024, pomwe ming'alu inatseguka bwalo lonse. Kaonanso mvula ya 2025 ndi namondwe Jude. Kakadalipo. Sindikunamizani kuti sikasuntha. Kamasuntha ndithu. Malo awiri anatitimira pang'ono, malo amodzi nyerere zinatulutsa mchenga. Koma kukonza kwake ndi kuzula njerwa 10, kuwonjezera mchenga, kubwezeretsa. Msuweni wanga wa Fomu 2 amachita yekha ola limodzi lisanathe. Udzu umamera m'mipata, umafuna kuzula. Mbali ya mthunzi ndere imabwera, imafuna kukwecha ndi tsache lolimba ndi mchenga mvula ikayamba. Ndi ntchito ya chaka ndi chaka, ngati kumata boti.

Sindikunena kuti simenti ndi yoipa. Amene ali ndi ndalama angathe kuthira konkire pamakande n'kukhala, koma pansi pakhale miyala yosinjidwa bwino, ikhale yochindikala, yodulidwa mizere pafupipafupi, pamwamba pokhakhala, yothiridwa m'mawa kapena madzulo, yothiriridwa sabata yonse. Ndiponso sindikuti mukaotche uvuni wa njerwa chifukwa cha kanjira, mitengo yatha kale m'mapiri muja. Ife tinatola zomwe zinagwa. M'midzi yambiri muli milu ya njerwa za nyumba zakugwa zomwe zikungomera udzu, pemphani eni ake mugwirizane.

Ndalemba zonsezi chifukwa ambiri a ife makolo athu ena ali kumtunda, ku Phalombe, ku Zomba, ku Balaka, ena ku Chikwawa komwe makande ndiye kwawo. Tikapeza kangachepe pa usipa, kapena achimwene akatumiza ya ku Joni, timathamangira malata, penti ndi sola. Zonsezo n'zabwino. Koma nthawi ina mukapita kumudzi, dzukani usiku mvula ikugwa, muyende kuchokera pakhomo kukafika kuchimbudzi opanda tochi, mukuganiza kuti muli ndi zaka za agogo anu. Mukabwerako mudzadziwa choyambira. Ndipo musanagule chilichonse funsani akuluakulu a pamalopo kuti dothi lawo limatani. Nzeru za pamchenga zili ndi malire.

Pa Khirisimasi yapitayi ndinali komweko. Mvula inagwa madzulo onse. Titatha kudya nsima ndinaona agogo akudzithirira tiyi kapu yachiwiri, mdima utagwa kale. Ndinati, "Agogo, usiku uno?" Iwo anaseka nati, "Amunanga, si munandimangira msewu wa tala? Ndisiyeni ndimwe."

Amene ali ndi agogo pamakande, mutumizireni uthengawu mvula isanayambe. Ine ndabwerera ku injini, pali Enduro 15 ya munthu wina ikukana kulira kuyambira dzulo.