Kalata yochokera ku Kachulu: simenti iyambe yadikira

Achimwene,

 Ndafika ku Kachulu monga munanditumira, kudzaona pomangira bwalo la basketball lija mukusonkherana ndi anzanu ku Johannesburg. Yankho langa si limene mukuyembekezera, ndiye mundimvere mpaka ndimalize.

Kuchoka m'tauni ya Zomba kufika padoko pano ndi makilomita pafupifupi 30. Pali mabwato opita ku chilumba cha Chisi, matemba ali mbwee pathandala, utsi wowambira milamba uli tolotolo. Koma mukayang'anitsitsa amene akukapa madzi m'mabwatomo, ambiri ndi anyamata oyenera kukhala m'kalasi. Kuno nyanja ikadzaza, kalasi imaphwa. Mnyamata akalowa ku zimbowera, tinyumba toyandama pakati pa njedza tija, amatha milungu osaponda kumtunda, akumwa madzi omwewo amene akudzithandiziramo, n'chifukwa chake kolera sachedwa kubuka. Akamatuluka ndi ndalama m'thumba, mtsikana wa Sitandade 7 amamuona ngati bambo wokwanira, ngakhale kuti kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati munthu asanakwanitse zaka 18.

Choncho maganizo anu sindikuwanyoza ayi. Ku Lilongwe, a Griffin Kalua anayambitsa timu ya Bravehearts mu 2015, ndipo imalipirira osewera ake ena sukulu, kwinaku ikukapikisana kunja m'masewero opezera malo mu Basketball Africa League. Nawonso a Navajo ku America, eni nthaka amene ambiri mwa iwo amakatunga madzi kutali ngati ife, amadzaza holo ya sukulu ya Chinle anthu zikwizikwi kudzachemerera ana awo akusewera basketball, wailesi ikuulutsa m'chinenero chawo. Mpirawu umatha kumugwira mwana mkono.

Vuto ndi lakuti umafuna pansi polimba kuti uzinjanja. Malo amene amalume anatilozera ndi a makande okhaokha: chilimwe amang'ambika ming'alu yolowa phazi, dzinja ndi chithaphwi. Ndipo nyanja ya Chilwa sidziwa malire. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, mu 2018 anthu ankayenda wapansi pamene pankadutsa mabwato. Mvula ikachuluka, madzi amabwerera mpaka m'minda. Simenti ya ndalama zanu singathe zaka zingati pamenepo.

Chimene chandisintha mtima ndachiona pasukulu ina chakumtunda. Atsikana amasewera ntchemberembaye madzulo aliwonse. Golo ndi limu ya njinga yokhomera pamtengo wa bulugama, mizere ndi ya phulusa, mpira ndi umodzi wosokasoka. Koma liwiro lake, achimwene! Woponya wawo anzake amamutcha Mwawi, poti aliyense kuno akudziwa kuti Mwawi Kumwenda anachoka kumudzi ku Mzimba n'kukasankhidwa wosewera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015, ndiponso kuti ma Queens anagonjetsa New Zealand 57-53 mu 2018. Pajatu mpira wamanjawu unabadwa kuchokera ku basketball yomweyo, kungoti uwu sufuna kunjanjitsa, ndiye fumbi siliuvuta. Mphunzitsi wawo wamayi ali ndi lamulo limodzi: wojomba m'mawa sakhudza mpira madzulo. Amenewo ndiye maziko enieni, osati njerwa.

Ndikupempha kuti ndalamazo tigule mipira, magolo achitsulo ndi mayunifolomu, tisungeko zoyendera kuti anawa azikasewera ndi sukulu za ku Jali ndi ku Domasi, ndi kangachepe kothokozera mphunzitsiyo. Anyamata tiwakhomere thabwa ndi golo la basketball pamalo ouma pasukulu pomwepo, tione ngati angalisankhe kusiya bwato. Akalimbikira chaka chathunthu, za simenti tidzakambirana.

Musatumize kanthu tisanalankhulane pafoni Lamlungu. Mawa ndiwolokera ku Chisi. Amalume akupereka moni, ati jekete munalonjeza lija ndisaiwale kulifunsa.

Ndine mng'ono wanu.