Funso lomwe sindinkafunsa ku Kasungu

Anamwino anzanga a kumudzi, pali nkhani yomwe yakhala ikundilemera mumtima chibwerereni kuno ku Manchester.

Kuno timaphunzitsidwa kufunsa wodwala ngati amasuta, ngakhale wabwera ndi bala la pamwendo. Sabata yatha kunabwera mnyamata wa zaka 15 akutsokomola. Ndinapempha mayi ake kuti ayambe atuluka, ndipo titatsala awiri anaulula kuti amasuta ndudu ndi vape. Ndinamupatsa kachipangizo koyeza carbon monoxide m'mpweya, anauziramo, ndipo ataona nambala anangoti kakasi. Sindinamukalipire. Tinakambirana nthawi yomwe chibaba chimamugwira kwambiri ndi anzake omwe amasuta nawo, n'kugwirizana tsiku loti abwerenso. Kuno mwana wa zaka 12 kupita m'tsogolo akhoza kupatsidwa timapepala tomata pakhungu tochepetsa chibaba, ndipo kuyambira 2007 kugulitsa fodya kwa wosakwana zaka 18 ndi mlandu.

Kwathu ndinagwira ntchito pachipatala china chaching'ono ku Kasungu. Mzere unkafika pamtengo wa panja, ndiye mnyamata wa chifuwa ndinkangomulembera mankhwala m'kabuku kake n'kuitana wina. Chonsecho pa okala ndudu amagulitsa imodziimodzi, ndipo wopanda ndalama amapichira chingambwe m'pepala la kope. Ena ankabwera m'nyengo yothyola fodya ali ndi chizungulire, akusanza. Tikayeza malungo n'kupeza palibe, tinkathera pomwepo, osaganiza kuti nikotini wa m'masamba onyowa ndi mame amalowera pakhungu.

Malawi inavomereza pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya mu 2023, koma m'chipinda choonera odwala muli inu ndi mwanayo basi. Kwathu tilibe kachipangizo kaja, koma funso silifuna ndalama. Mufunseni pa awiri, mofatsa, ndipo yankho mulilembe. Muzitengana ndi alangizi a zaumoyo popita kusukulu za m'dera lanu, chifukwa m'mera mpoyamba.

Musanyoze fodya wa m'munda pamaso pake, pakuti mwina ndiye akumulipirira sukulu, monga anandilipirira ine. Muuzeni za mapapo ake ndi mpira womwe akufuna kusewera osapuma wefuwefu. Mnyamata wanga uja akubweranso Lachinayi. Ndikanakonda ana a ku Kasungu aja ndikanawapatsanso tsiku lobwerera.