Msomali m'malo mwa pini ndiwo umawoletsa usipa wanu

Inu amayi ndi abambo ogulitsa usipa, utaka ndi chambo ku Limbe, ku Ndirande ndi mu msika waukulu wa Lilongwe, nsomba zikachedwa kufika mumathamangira kutukwana dalaivala wa lole. Komatu nthawi zina vuto limakhala litayambira kunyanja, pa kachitsulo kosaposa chala cha mwana. Ine ndinakulira pakhomo pa amalume anga omwe ali ndi boti la injini ku Mangochi, ndiye ndiloleni ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso angawa.

Injini ya boti, kaya ndi Yamaha, Suzuki kapena Mercury, imakankha madzi ndi pulopela, chija cha mapiko atatu chimazungulira kumbuyo. Pulopelayo saiwotcherera ku shafuti ayi. Pakati pake opanga anaikapo dala chinthu chofooka, kuti pulopela ikamenya mwala kapena chipika, chinthucho chife chokha koma magiya a mkati apulumuke. Zili ngati fyuzi ya magetsi, imapsa yokha kuti wailesi yanu isapse.

Njira yakale, yomwe ikupezekabe pa injini zing'onozing'ono, ndi ya pini. Kapini ka chitsulo chofewa kamalowa pa bowo la shafuti n'kugwira pulopela. Ikagunda mwala kapiniko kamaduka, injini n'kumangolira boti osayenda. Ubwino wake ndi woti munthu wokhala ndi pulayazi ndi pini ina amakonza pomwepo. Kuipa kwake, kamaduka msanga, nthawi zina ngakhale pongolowetsa giya injini ikulira kwambiri.

Njira yachiwiri ndi bushi ya labala yomwe amaifinyira mwamphamvu pakati pa pulopela. Iyi imameza kugunda kung'onokung'ono, ndipo pa ngozi yaikulu imaterereka. Imakhalitsa ndithu, koma imakalamba mobisa. Pa injini zambiri utsi wotentha umatulukira pakati pa pulopela pomwepo, ndiye labala amauma pang'onopang'ono. Tsiku lina boti litadzaza nsomba, woyendetsa akawonjezera moto injini imakuwa koma liwiro palibe. Akabweza moto, kawirikawiri boti limatha kukwawa mpaka kumtunda. Kusintha bushi yotere kumafuna makina ofinyira, omwe simungawapeze padoko lililonse.

Njira yachitatu ndi monga Flo-Torq II ya kampani ya Mercury. M'malo mwa labala muli kachigoba ka pulasitiki yolimba komwe kamavulidwa n'kusinthidwa ndi sipanala basi. Nzeru yabwino zedi, koma imathandiza yekhayo amene sipeya yake ali nayo m'thumba. Kumadoko akutali ngati Makanjira, chinthu chodalirika ndi chomwe makaniko wa pamenepo angathe kukonza lero lomwe.

Tsono tamvani zomwe zinachitika kwa amalume. Mnyamata wawo wina woyendetsa boti anatopa ndi kudukaduka kwa pini, ndiye anadula msomali wolimba n'kuulowetsa m'malo mwake. Anzake anamutama kuti ndi katswiri. Masabata angapo zonse zinali bwinobwino. Usiku wina akuchokera kokoka chilimira, pulopela inamenya mwala pafupi ndi gombe. Msomali uja sunaduke, m'malo mwake anathyoka ndi mano a magiya. Boti linakhala pamchenga pafupifupi mwezi kudikira sipeya, alovi ali manja lende. Amayi awiri a ku Limbe omwe anali atapereka kale ndalama za usipa anabwerera chimanjamanja, mpamba utamangika, mabenchi awo kumsika ali mbee. Zonsezi chifukwa chokana kugula kapini kotsika mtengo kuposa lita imodzi ya petulo.

Mwayi wake zinachitikira pafupi ndi mtunda. Ganizani zitachitika pakati pa nyanja mu June kapena July, mwera utakwiya. Boti lopanda mphamvu limatembenukira m'mbali, mafunde n'kuyamba kulowa. Apo nkhani imasiya kukhala ya nsomba, imakhala ya maliro.

Ndikudziwa kuti ambiri a inu mumapereka ndalama kwa asodzi nsomba zisanaphedwe, ena mumachita hayala maboti, ndipo ena mwagula injini zanuzanu. Ndalama ndi zanu, musachite manyazi kufunsa. Paja safunsa anadya phula. Ngati injini ndi ya pini, muone ndi maso kuti m'botimo muli mapini enieni osungira. Ngati ndi ya labala, pali kayesedwe kosalira ndalama. Jambulani mzere umodzi ndi penti kuchokera pa chitsulo cha pakati kufika pa pulopela. Boti likayenda n'kubwerako, mukapeza mzere uja wasemphana, dziwani kuti bushi yayamba kuterereka, isinthidwe lisanapite kutali. Auzeninso anyamata azivula pulopela pafupipafupi n'kuchotsa ulusi wa ukonde wokulungika pa shafuti, chifukwa umadya silo, madzi n'kulowa mu oyilo wa magiya.

Ndipo wina akadzakuuzani monyadira kuti injini yake anaimanga ndi msomali wosaduka, musamuyamikire. Tengani ndalama zanu mukafune boti lina.