Nyali za ku Joni ndi mankhwala odontheza m'maso

Aphunzitsi anzanga ndi ana anga akale, pepani ndakhala chete masabata angapo. Kuchonga mayeso kunandipanikiza, komanso netiweki ya pano pa Chiwamba mukuidziwa kale, mpaka munthu ukakwere pachulu. Lero ndabwera ndi nkhani ya maso.

Mmodzi wa inu, dzina sinditchula, ali ku Joni komwe amayendetsa galimoto ya hayala usiku. Ali kuno ankavala magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo, ndipo ndinkamukhazika kutsogolo kuti aziona pa bolodi. Atapezako kandalama anakachititsa opaleshoni ya laser yotchedwa LASIK, magalasi aja n'kutaya. Masana akuona bwino kuposa ine. Koma dzuwa likangolowa, nyali iliyonse ya galimoto imachita mkombero ngati mwezi wa m'mitambo, kuwala n'kumwazikira mbali zonse. Akuti tsiku lina anatsala pang'ono kugunda munthu wodutsa msewu. Lendi yake, fizi ya mlongo wake wa Folomu 2, feteleza wa makolo ake, zonse zimachokera pa chiwongolero chausikucho.

Ndiye ananditumizira mawu pafoni: "Aphunzitsi, pali wina pa gulu la WhatsApp akugulitsa mankhwala odontheza m'maso ochokera ku America, akuti amathetsa vutoli. Ndigule? Paja diso munatiphunzitsa ndinu."

Ine si dokotala, ndine wa choko basi. Komabe funsoli linandisowetsa tulo, ndipo ndinathera mayunitsi ambiri kuwerenga pa intaneti.

Amene munali m'kalasi langa la Biology mukukumbukira tsiku lija tinaboola katoni ndi singano n'kumasuzumira pa kabowoko. Ena amene simunkaona bwino patali munadabwa kuti zilembo za pa bolodi zaoneka. Nkhani yonse yagona pamenepo. Laser imasema pakati pa cornea, kachikopa koonekera kakutsogolo kwa diso kaja. Masana mwana wa diso amakhala wamng'ono, choncho kuwala kumadutsa posemedwapo. Mumdima mwana wa diso amakula, ngati mmene amachitira maso a mphaka, ndipo kuwala kumalowanso cha m'mphepete, pomwe posemedwa pakumana ndi posasemedwa. Kuwala kwa m'mphepeteko sikukumana pamalo amodzi ndi kunzake. Mkombero uja ndi umenewo.

Mankhwala amene akuwanenawo alipodi. Dzina lake ndi phentolamine, mankhwala akalekale amene madokotala ankawagwiritsa kale ntchito potsitsa kuthamanga kwa magazi pa matenda ena. Akawadontheza m'diso amafooketsa kamnofu kamene kamakulitsa mwana wa diso, ndiye kabowo kaja kamachepako, ngati katoni yathu ija. Mu 2023 bungwe la FDA la ku America linawavomereza pa dzina loti Ryzumvi, koma pa ntchito ina: kubwezeretsa mwana wa diso pamene dokotala wamukulitsa dala poyeza maso. Za kuona usiku, pofika 2025 anali akadali pa kafukufuku. Chaka chimenecho kampani ya Opus Genetics inalengeza zotsatira za kafukufuku wotchedwa LYNX-2, wa anthu 199 amene anachitidwa maopaleshoni oterewa. Patatha masiku 15, mwa anthu 100 alionse olandira mankhwala enieni, pafupifupi 17 anatha kuwerenga mizere itatu yowonjezera pa tchati m'chipinda cha kamdima. Mwa olandira madzi opanda mankhwala, anali pafupifupi 9.

A Masamu, ndithandizeni apa. 17 kuchotsa 9 ndi 8. Si zachabe ayi, kwa anthu 8 amenewo ndi moyo wina. Koma kalasi la ana 100 litakhoza 17 okha, ahedi sangandiphere nkhuku. Wa pa WhatsApp uja zimenezi sananene, iye wangoti "amathetsa".

Ndipo chimene chili m'kabotolo kake akuchidziwa ndani? Apa m'pamene mtima wanga unagunda. Tonse tinakulira m'midzi mmene diso likafiira anthu amafinyiramo masamba, ena mkaka wa m'mawere, ena mpaka mkodzo. Tikuwadziwa anthu amene diso linayera mpaka kalekale chifukwa cha zimenezi. Kabotolo kosadziwika ka pa WhatsApp n'chimodzimodzi, kungoti kavala Chingerezi.

Ndinamuyankha motere: "Iwe, usagule. Bwerera kwa dokotala wa maso, umuuze zonse, ndi za munthu unatsala pang'ono kumugunda uja. Akuyeze ngati maso sakuuma, chifukwa kuuma kwa maso kumachitika kawirikawiri ikatha LASIK ndipo nako kumamwaza kuwala. Mwinanso patsala kamphamvu kochepa kofunika magalasi ausiku okha. Ngati pali mankhwala ochepetsa mwana wa diso okuyenera, alembe iyeyo. Pakadali pano pempha kuti uziyenda masana." Anadandaula kuti masana ndalama n'zochepa. Ndinasowa chomuyankha, chifukwa n'zoona.

Cholakwa changa chinali chimodzi. Mawu ake aja ndinawamvera pakhonde, foni ili pokweza, amayi anga ali pamphasa akusenda mtedza. Amayiwa ali ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo ndakhala ndikuwanyengerera kuti tipite ku chipatala cha maso ku Nkhoma kapena ku Lions pa Kamuzu Central. Atangomva anati, "Mwamvatu aphunzitsi? Wang'ambitsa diso uyo, pano akulira. Ine anga ndipita nawo kumanda osakhudzidwa."

Ndinayesa kuwafotokozera kuti izi n'zosiyana. Mnyamatayo anali ndi diso loona ndi magalasi, anangofuna kuwataya. Iwo kagalasi ka m'kati mwa diso kachita mtambo, ndipo madokotala amakachotsa n'kuikamo kena, ntchito imene amaigwira tsiku ndi tsiku kuno kwathu. Palibe mankhwala odontheza amene amasungunula ng'ala. Anangoti "kaya", n'kupitiriza kusenda mtedza mopapasa.

Dzulo mnyamata uja walemba kuti wapeza tsiku lokaonana ndi dokotala, ndipo walonjeza kuwaimbira agogo ake, monga amawatchulira, kuti awauze yekha kusiyana kwake. Amayi avomera kumumvera, koma akuti za ku Nkhomazo tikambirane tikatha kukolola.