Kiyi Wamkulu wa Kompyuta Asunge Ndani?

Ndiloleni ndikambeko pang'ono za chinthu chimene ambiri a ife timachipeputsa pokonza kompyuta. Anyamata ndi atsikana ambiri a sukulu ino tsopano adziwa kuika pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawa, kaya Windows kaya Linux, ndipo ntchitoyi timaitha m'ola limodzi. Koma pamene makina afunsa dzina ndi mawu achinsinsi a munthu woyamba, timalemba mothamanga, osadziwa kuti pamenepo tikulonga munthu ufumu.

M'kompyuta iliyonse muli akaunti imodzi yoposa zinzake zonse. Mu Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kupanga ku Bell Labs ku America mu 1969, akauntiyi inatchedwa root, ndipo nambala yake ndi 0. Linux, imene Linus Torvalds anayamba mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki, inatengera mwambo womwewo. Root saletsedwa kanthu. Angathe kuwerenga makalata a aliyense, kusintha mawu achinsinsi a anzake, ndi kufufuta ntchito ya chaka chathunthu ndi lamulo limodzi lolembedwa molakwa.

Ine ndinayamba kuganizira zimenezi chifukwa cha achimwene anga. Iwo ali ndi kashopu ku Area 25 kumene anthu amatayipitsa makalata ofunsira ntchito ndi kusindikiza mapepala a ukwati ndi a maliro. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, ndipo kompyuta ya achimwene inali yokalamba, yosatha kulandira Windows 11. Ndalama zogulira ina panalibe. Chotero pa tchuthi anandiitana kuchokera kwathu ku Kawale kuti ndikawaikire Ubuntu, mtundu wa Linux umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa ndi anzake anatulutsa mu 2004.

Eni ake a Ubuntu anachita mwanzeru. Root amabwera wotsekeredwa, wopanda mawu achinsinsi olowera. M'malo mwake munthu woyamba kulembedwa amapatsidwa chilolezo chobwereka mphamvu za root. Akafuna kuchita ntchito yaikulu amayamba walemba liwu lakuti sudo, makina nkumufunsa mawu ake achinsinsi, ndipo pakapita mphindi zochepa mphamvuzo zimabwerera kwawo. Ndiponso makina amalemba m'kaundula dzina la wobwerekayo, nthawi yake, ndi chimene anachita. Zili monga kapitawo wa m'kalasi amene amatenga kiyi wa kabati ya mabuku kwa aphunzitsi, nasaina m'buku, nabweza kiyiyo belu lisanalire.

Nditafika pa funso la dzina, achimwene anati, "Lemba lako, iwe ndiye ukuzidziwa zimenezi." Ndinawayankha kuti, "Iai achimwene, makinawa ndi anu, ndipo ndiwo amadyetsa ana anu. Ine ndikadzapita ku sukulu yakutali, kapena tikadzasemphana mawu, inu mudzalowera pati?" Anaseka, koma anavomera. Tsono ndinakonza maakaunti atatu. Yoyamba ndi ya achimwene, yokhala ndi chilolezo cha sudo. Iwo anasankha okha mawu achinsinsi ine nditatembenuka, nawalemba pa pepala, ndipo alamu anga anasunga envulopuyo m'sutikesi. Yachiwiri ndi yanga, nayonso yachilolezo, kuti ndikagwira kanthu kaundula azionetsa dzina langa. Yachitatu ndi ya ntchito ya tsiku ndi tsiku, yopanda chilolezo chilichonse, ndipo ndiyo imakhala yotsegula pamene makasitomala ali m'shopu.

Chiyeso sichinachedwe. Mnzanga wina wa ku Mgona, amene takhala naye benchi limodzi kuyambira Fomu 1, anadza ndi pulogalamu ya masewera pa fulashi, yotengedwa pa intaneti kwa anthu osadziwika. Makina atamukana, anandipempha mawu anga achinsinsi. Ndinamukaniza. Iye anati ndayamba matama, ndipo kwa masabata awiri sanandipatse moni. Zinandipweteka ndithu, pakuti si mnyamata wakuba ai. Koma pulogalamu imene mwaipatsa mphamvu za root imachita zofuna za amene anailemba, osati za amene anaibweretsa. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Vayirasi ikakhazikika pa mpando wa root imatha kudzibisa, ndipo njira yokhulupirika yoichotsera ndiyo kufufuta zonse ndi kuyambanso. M'makina amenewo munali makalata a anthu, manambala a ziphaso zawo ndi satifiketi zawo. Zimenezo sizinali zanga kuti ndizipereke chifukwa cha chinzake.

Wina anganene kuti ndikukulitsa nkhani ya kashopu kamodzi. Tsono kumbukirani zimene zinachitika mu mzinda wathu womwe uno mu 2013, pa nkhani ya Cashgate. Ku Capital Hill boma limalipira ndalama zake kupyolera m'makina otchedwa IFMIS. Anthu ena amene anali ndi mphamvu zolowera m'kati mwake ankalemba malipiro a katundu amene sanaperekedwe, cheke nkutuluka, iwo nkufufuta zolembazo. Akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly a ku Britain anapeza kuti pakati pa April ndi September chaka chimenecho panasowa ndalama zopitirira K13 biliyoni. Maiko othandiza anaimika thandizo lawo, ndipo amene anamva kuwawa anali anthu wamba a ku Biwi ndi ku Chinsapo, amene sanaonepo makinawo ndi maso. Pamene munthu yemweyo angathe kulemba ndi kufufuta popanda womuona, mtima wabwino wokha sukwanira kulonda nkhokwe.

Anzanga ogwiritsa Windows asaganize kuti iwo nkhaniyi siiwakhudza. Kumeneko akaunti yaikulu imatchedwa Administrator, ndipo kuyambira pa Windows Vista imabwera yotsekedwa. Kabokosi kaja kamene kamatuluka kufunsa ngati mukulola kuti pulogalamu isinthe makina ndiko mlonda wanu. Muziwerenga dzina la pulogalamuyo musanavomere.

Pomaliza, anzanga, mukaikira munthu kompyuta, kiyi wamkulu mpatseni mwini wake tsiku lomwelo. Ntchito ya masiku onse muziigwirira pa akaunti yaing'ono. Aliyense akhale ndi dzina lake ndi mawu ake achinsinsi, aatali ndithu, osati 1234 kapena chaka chobadwa. Ndipo munthu akasiya ntchito pamalopo, chilolezo chake chichotsedwe asanafike pa siteji ya minibasi. 

Wophunzira wa Fomu 4, Kawale