Dakota Siyenda Malonda

Digiri ili mu sutikesi, ntchito kulibe, ndiye ndinayamba kupanga tindege ta Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse. Ndimagwiritsa ntchito matabwa otsala kwa kalipentala, zitini ndi penti. Makasitomala ambiri ndi a ku Britain, amandipeza pa Facebook, ndipo amangofuna Spitfire basi, ija inathandiza kuteteza dziko lawo mu 1940. Lendi ndimalipirira yomweyo.

Koma ine mtima uli pa Dakota, C-47, chindege cha mainjini awiri chonyamula katundu. Mu 1944 asilikali a King's African Rifles, ena mwa iwo anyamata a kuno ku Nyasaland, ankadutsa m'chigwa cha Kabaw ku Burma mvula ili mkati, misewu yonse matope okhaokha. Chakudya ndi zipolopolo ankaziponyera kuchokera m'mwamba, ndi ndege ngati imeneyi. Popanda iyo akanadya chiyani?

Ndiye ndikapanga ma Spitfire asanu, ndimapanganso Dakota imodzi, ngakhale imatha miyezi ili pa shelefu ndalama ya penti osabwerera. Pansi pa phiko ndimalemba "Kabaw, 1944". Kasitomala akafunsa tanthauzo lake, ndimayamba kumuuza za agogo athu. Za mtengo timakambirana pambuyo.